Tsiku limene ndinabereka galu ku Romford

Bambo a Tadala ataimba foni kuti ndiwatsatire ku London, sindinafunse munthu. Ndinangoti eya, ndikubwera. Ine wa Sitandade 7, wa ku Dedza, Chingerezi changa cha moni basi. Tadala anabadwira komweko, koma asanayambe n'kukhala komwe, bambo ake anapeza mkazi wa mapepala okhalira m'dzikomo. Ndinatsala ku Barking ndi chikwama, mwana, ndi viza yakutha.

Ananditola ndi Anti Joyce, namwino wa kutchalitchi kwathu. Anandipezera malo ku Romford kwa mzungu wokalamba, agogo Dorini: kuwasambitsa, kuwaphikira, ine n'kupatsidwa kachipinda kam'mwamba. Belu la pakhomo likalira, mtima unkangoti phaa, kuganiza kuti ndi apolisi. Lamlungu ndinkagula khadi ya foni, kuuza amayi kuti zonse zili bwino, kandalama ndatumiza, kenako n'kukalira kubafa mpopi uli wotsegula.

M'nyumbamo munali kagalu, Bisiketi, ka ubweya wochepa, kogona pasofa. Agogo atagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chiuno, anandigwira dzanja n'kuti ndiwasamalire mwana wawo. Mumtima ndinati galu ndi galu. Kwathu amagona panja, kaya mvula kaya Juni. Tsono Tadala anali atayamba kukwawa, kagaluko n'kumamunyambita pakamwa. M'mawa wina wa Febuluwale ndinakatsekera kugadeni ndi mbale ya madzi, ine ulendo wa kusikelo ndi mwana. Chipale chofewa chija amati sinoo chinagwa, kunja kuli mbee, mabasi anasiya kuyenda, ndinabwerera wapansi. Ndinafika cha m'ma 3 koloko.

Sikanauwe. Ndinakapeza katadzipinda kuseri kwa bini, konyowa, kosanjenjemera n'komwe, kakupuma patalipatali. Nsonga za makutu zinali zotuwa, zolimba ngati chikopa chouma. Madzi m'mbale anali atasanduka mwala. M'maganizo ndinaona agogo akutuluka m'chipatala, achibale awo akuitana apolisi, ine ndi Tadala tili pamsewu.

Ndinatereka ketulo, kuyatsa hita, kuyamba kutikita makutuwo mwamphamvu, foni ili paphewa.

"Anti, ndapha galu wa eni!"

"Akupuma?"

"Pang'ono."

"Ndiye sunaphe. Ukumutani pano?"

Ndinawauza.

"Siya! Usatikite, ukuwononga mnofu. Mchotse pahitapo, sakumva kanthu, apsa osadziwa. Muumitse ndi thaulo mongokhudza. Thaulo lina ulifunditse, umukulunge. Ndikubwera."

Mayi ameneyo anali akugona, atagwira ntchito usiku wonse. Anafika wapansi, jasi pamwamba pa chovala chogonera, osakalipa, osafunsa kuti zinatheka bwanji. Anathira madzi ofunda m'mabotolo, kuwaveka masokosi, kuwaika m'mbali mwa mimba ya galu. Madzi a m'beseni anawayesa ndi chigongono monga osambitsira khanda, n'kumanyowetsa makutu ndi mapazi pang'onopang'ono. Ine ndinathamangira mapiritsi a mutu.

"Bweza. Mankhwala a anthu amapha galu. Uli ndi chitenje?"

"Ee."

"Mubereke. Kutsogolo, pachifuwa, m'kati mwa juzi. Ana obadwa masiku asanakwane timawatero."

"Anti, galu?"

"Iwe, ukufuna ulemu kapena ukufuna denga?"

Ndinamubereka. Kuzizira kwake kunandilowa mpaka m'mafupa. Anti ananyamula Tadala, tinauyamba wa kwa dokotala wa ziweto, kuterereka njira yonse, azungu akutiyang'ana. Tili pakati panjira ndinamva kanthu kakugwedezeka pachifuwa.

"Anti, akunjenjemera!"

"Zikomo Yesu. Wonjenjemera ndiye wamoyo. Yenda."

Pakauntala mtsikana anatulutsa fomu, akufuna dzina ndi adiresi. Ine wa viza yakutha, ndinaopa kulembapo dzina langa. Anti anangokoka pepalalo n'kulemba zawo, osandiyang'ana n'komwe.

Bisiketi anachira, koma nsonga ya khutu limodzi inada, kenako n'kugwa. Kubisa sikukanatheka. Ndinapempha Anti kuti akandinenere kwa agogo.

"Ayi. Ndikaima pambali pako, koma pakamwa ndi pako."

Ndinawauza agogo ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, zonse, ndi zotsekera panja zomwe. Anasisita khutu lodukalo. Kenako anati ndiwaonetse mmene ndinamumangira. Ndinatenga chitenje, kumubereka, galu n'kutulutsa mutu pakhosi pa juzi. Agogo analira, akuseka. Ndinakhala nawo zaka zina ziwiri, mpaka pamene anawatengera kunyumba ya okalamba, ine n'kuona kuti kubisala kwanditopetsa.

Ndinafika ku Dedza mu Juni. Nkhani inali itanditsogolera kale. Azakhali, oyandikana nafe, onse akufuna aimve kwa mwini wake. Woseka kwambiri anali bambo anga.

"Anzathu ana awo akubwera ndi galimoto, wanga anapita ku Ulaya kukabereka galu!"

Ndinaseka nawo, koma zinandiwawa. Ndinati basi, kwathu kuno chifundo chotere kulibe, ndinachisiya kwa Anti Joyce.

Patapita masiku atatu ndinadzuka m'mamawa, udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndinakumana ndi bambo akuchokera kukhola, jekete atalimanga mpaka pakhosi, pamimba patatupa. Pakati pa mabatani panatuluka kamphuno konyowa. Mbuzi inali itaswa, make n'kukakana kamwanako. Zaka zonse zimene ndinakulira pakhomopo ankachita zimenezi chaka ndi chaka, ine ndili m'tulo.

Tinayang'anizana.

"Usanene kanthu," anatero. "Iyi ndi mbuzi."

"Sindinanene kanthu, bambo."

Anadutsa kulowera kukhitchini, dzanja lili pansi pa jekete, akuponda pang'onopang'ono kuti kasadzuke.