Mtsiro pa Simenti

Sukulu ndinalekera Folomu 2. Wofuna kudziwa chifukwa akafunse amalume anga, amene analonjeza fizi kenako n'kukakwatira mkazi wachiwiri. Ine ndinatopa kuzifotokoza zimenezo. Pano ndikunena za chaka chimene ndinali wothandizira kapitawo pomanga makalasi awiri cha kwa Kaduya, pulayimale itangokhala yaulere, ana atadzaza pansi pa mitengo ya mango.

Kapitawoyo anali bambo wamfupi amene anakulira pa zomanga m'maesiteti a tiyi ku Mulanje. Ananditenga chifukwa ndinkatha kuwerenga pulani, komanso, m'mawu ake, chifukwa pakamwa panga panalibe buleki. Anandiphunzitsa kukoka chingwe, kuika levulo pakhoma poona ngati lawongoka, kufinya mchenga m'manja kuti ndidziwe ngati uli ndi dothi. Anandipatsanso ntchito imene iye ankaithawa: kugawira midzi masiku obweretsa njerwa, mchenga ndi madzi. Ndinkaikonda ntchitoyo, sindinama. Kwathu ndinali wolephera sukulu. Pamalopo abambo a ndevu ankaima ndi fosholo kudikira kuti ndinene.

Mwezi wa Okutobala makoma anali atafika pamwamba, denga lisanafoleredwe, ndipo tinathira simenti pansi m'kalasi yoyamba. Amisiri anasalaza mpaka munkawala. M'mawa mwake kapitawo anakwera lole kukatenga malata ku Limbe.

"Iwe, ndikatha sabata," anatero. "Pansipa pasaume. Muzithira madzi m'mawa, masana, madzulo. Ndikapeza mng'alu, usachite kundidikira, uzipita kwanu. Ndikapeza pali bwino, ndikutenga ku ntchito ya kufupi ndi Chilwa."

Lole isanafike n'komwe pamsewu waukulu, mjigo wa pasukulupo unathyoka.

Madzi anatsala kudambo, mtunda woti munthu wosenza ndowa amafika khosi litauma. Otunga anali amayi a m'midzi yozungulira, ndipo mkulu wawo anali mayi wina wamtali wa mukomiti ya sukulu, wosuta fodya wa mphuno, amene ankanditchula kuti akapitawo aang'ono.

"Amayi, katatu pa tsiku. Mwamva?"

"Akapitawo aang'ono, simenti yanuyi imamwa kuposa ng'ombe. Nanga kwathu aphike ndani?"

"Za kwanu ine sizikundikhudza. Ndikufuna pansi ponyowa, basi."

"Ponyowa basi?"

"Ndanena Chingerezi ngati?"

Anaseka onse. Ine ndinabwereka njinga n'kupita cha ku Fort Lister kukafuna munthu wokonza mijigo. Ndinakapeza atapita kukagula nandolo, ndipo mkazi wake sankadziwa kuti abwera liti. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, njala ili m'maso.

Ndili patali ndinamva nyimbo m'kalasimo. Nditasuzumira pakhomo, njinga inandipulumuka. Amayi anali atagwada mzere kuchokera khoma ili kukafika lija, aliyense ndi nkhulungo m'manja, akuzira. Simenti yanga yonse, imene dzulo lake inkawala, inali itakutidwa ndi mtsiro wakuda wa kudambo. Wina anali atakongoletsa m'mbali mwa khoma ndi dothi lofiira, monga amachitira pakhonde.

"Mwapenga kodi? Iyi ndi simenti! Si khitchini ya kwanu ino!"

Mayi wamtali uja sanadzuke n'komwe. "Mwanawe, usatikuwire, tili ndi ana aakulu kuposa iwe. Wanena wekha kuti pasaume. Pansi pozira pamauma tsiku lomwelo? Komanso nyumba yatsopano ana athu alowemo osazira, ife tilipo?"

"Akandichotsa ntchito mundidyetsa ndinu?"

"Kalongonda alipo," anayankha wina kumbuyo. "Ubwere ndi mbale."

Ndinafuna kupala ndi fosholo nthawi yomweyo, koma simenti inali idakali yanthete, ndikanaikanda. Kutsuka, madzi ake ati? Ndinakhala pa wilibala n'kumawayang'ana. Atamaliza anayala masamba a nthochi pamwamba, n'kundipatsa chinangwa chophika. Ndinadya, koma sindinathokoze.

Sabata imeneyo ndinaonda. M'mawa uliwonse amayi awiri ankabwera ndi ndowa imodzi imodzi, kuvundukula masamba, kuwaza madzi ndi manja, kuvundikiranso, n'kumapita kwawo. Ine ndinkapisa chala mumtsiro masana, dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza mozizira. Koma za pansi pake sindinkadziwa. Amisiri ankandiseka kuti ndiyambiretu kumanga katundu. Mmodzi anandifunsa ngati ndikufuna andisiyire malo pakona oikapo mafuwa.

Lole inafika Loweruka masana. Kapitawo anatsika, osapereka moni, analunjika kukalasi. Anasuntha masamba ndi phazi n'kuima. Amayi anali atabwera ambiri tsikulo, ati kudzaona malata, koma onse anaunjikana m'mawindo.

"Ichi n'chiyani?"

"Mjigo unathyoka, bwana."

"Ndafunsa za mjigo?"

"Anazira."

"Ndikuona kuti anazira. Iwe unali kuti?"

Kenako anaitanitsa fosholo n'kupala pakati, pamene dzuwa linkamenya kwambiri. Anathirapo madzi, kupukuta ndi chipewa chake, kugwada. Anagogoda ndi hamala. Anapalanso pakona, kenako pakhomo. Ponseponse simenti inali yosalala, yolimba, yopanda ngakhale kamng'alu, kungoti inali itada ngati mphika.

Anayamba kuseka ali chogwada, mpaka anakhala pansi m'matopemo.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuvutika ndi mchenga ndi masaka onyowa! Amayi, amene anayambitsa zimenezi ndani?"

"Akapitawo aang'ono," anatero mayi wamtali uja, nkhope ili gwa. "Ife timangomvera."

Nthungululu zinalira m'mawindo monse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, kapitawo anandiloza ndi hamala.

"Khala chete kamodzi m'moyo wako. Tsopano zonsezi zichoke. Amene anazira akolope."

"Ayi bambo," anatero mayi wamtali uja, "ife timazira, sitifafaniza. Akolope mwini kalasi."

Ndinavula malaya n'kuyamba ndekha. Amayi aja anandisiya ndivutike mpaka thukuta litalowa m'maso, kenako analowa ndi ndowa ndi zisanza. Anandipekera nyimbo pomwepo, yoti mnyamata wa chingwe akwatira liti poti kukolopa akutha. Wina anandipaka mtsiro kumsana, ine ndinamubwezera, ndipo mayi wamtali uja anaterereka n'kukhala pansi akuseka mpaka kutsokomola. Amisiri amene ankandiseka aja anatumidwa kudambo ndi migolo pa wilibala. Zimenezo zinandikoma kuposa zonse.

Kudako sikunachoke. Tinakhula ndi mchenga, zinakanika. Kapitawo anati ana sadzaona, adzakhala atakhalapo.

Denga titamaliza, anandiuza kuti ndikatenge bulangete kwathu. Mayi anga anandifunsa ngati andichotsa. Ndinawauza kuti akauze achimwene awo kuti ndapita ku Chilwa kukayang'anira ntchito. Lolemba m'mawa ndinakwera pamwamba pa lole, pakati pa mawilibala ndi matabwa, levulo ya kapitawo ili pamiyendo panga.