Maso a Mayi Maud

"Iwe Hana, mizereyi ikuoneka ngati ya thabwa la mlombwa?" anandifunsa Mayi Maud, ochapa nsalu za tchalitchi ku Malindi, akundionetsa sopo amene anapanga.

Chaka chilichonse ankapambana mpikisano wa amayi wopanga sopo. Ankathira katondo m'sopo wosauma, n'kukokamo munga wa kampango mpaka afanane ndi thabwa. Koma soda wopangira sopo anali atawaotcha maso, ndipo ankabisa poopa kuchotsedwa ntchito. Ana akanadya chiyani?

Sopoyo anali matope okhaokha.

"Lankhula, mwanawe! Loweruka pampikisano amayi onse aona!"

Ine ndinali nditasiya sukulu, ndikulakalaka dzina langa litamveka penapake. Komabe ndinawalanda mungawo. Ndinatsimikiza kuti tiphike wina, mizere ndikoke ine, dzina likatchulidwe lawo.