Kakhasu ka a Malizani

Kukamacha kuno ku Chinsapo, amayi tikamapita kukaima pamzere wa madzi, a Malizani amakhala atadzuka kale. Amatuluka m'nyumba akuyenda ndi manja, mapatapata atavala m'manjamo, n'kusesa pakhonde ndi katsache kakafupi. Akatha amayala mbaula zawo m'mbali mwa msewu, zazikulu kumbuyo, zazing'ono kutsogolo, kenaka amayamba kukhoma malata. Ine ndikamva hamala yawo ndimatseka Baibulo, ndimadziwa kuti kwacha.

Anabadwa opanda miyendo. Thupi lawo limathera pamene pakanakhala maondo. Mayi awo, a Nachisale, omwe akukhala nawobe, anandiuza kuti tsiku lobadwalo azamba ankazengereza kuwaonetsa mwanayo. "Ndinangofunsa kuti, pakamwa ali napo? Atati eya, ndinati bwerani naye ayamwe."

Kuno maliro akagwa, amuna amalawirira kumanda kukakumba. Timawatchula adzukulu. Lamulo lawo ndi lodziwika: amene sakumbira anzake, kwake kukagwa zovuta amakumba yekha. A Malizani okha ndiwo lamuloli silinkawakhudza. A Yona, mkulu wa adzukulu, ankawauza mwaulemu kuti, "Inu khalani pasiwa ndi madala, ife tikugwirirani."

Ife tinkayesa kuti ndi chikondi. Eniake zinkawawawa. Mayi awo anali kukalamba, ndipo sankafuna kuti manda a mayiwo adzakumbidwe mwachifundo, ngati a munthu amene sanasiye mwana wamwamuna.

Amuna anga, a Jeremiah, anamwalira mu Okutobala, mvula isanagwe, nthaka ili gwa. Ine ndinali m'nyumba ya siwa, choncho za kumanda anandifotokozera ndi alamu anga a Pemphani, amene anali komweko.

Akuti dzenje litafika m'khosi, adzukulu anayamba kachipinda. Kameneka ndi kamphako kam'mbali, pansi penipeni, kolowetsamo bokosi kuti dothi lisaligwere. Ndi ntchito yowawa, chifukwa munthu amakumba atapinda msana, khasu likugunda khoma la kumbuyo. Amuna atatu analowa mosinthana, onse anatuluka akugwira m'chiuno, kachipindako kasanafike ndi theka lomwe. Dzuwa linali litakwera, ndipo mwambo wa kutchalitchi unali wa wani koloko.

Apo m'pamene anamva kulira kwa tcheni. Anali a Malizani pa njinga yawo yopalasa ndi manja, atatsamiritsa kakhasu pachifuwa. Kakhasuko anachita kusula okha, mpini wake wosapitirira mkono.

"Mwasochera, bambo," anatero a Yona. "Kuno sitigula mbaula."

"Ndamva kuti misana yatha kuno. Ndabwera ndi wanga."

Amuna anaseka. A Yona sanaseke. "A Malizani, musatichimwitse. Mukalowa umu mutuluka bwanji?"

"Inu mumatuluka bwanji? Mumauluka? Si anzanu amakukokani?"

A Malizani anatsika panjinga, navula mapatapata, nagwira chingwe chotsitsira bokosi. A Pemphani ndi mnzawo anagwira mbali inayo. A Malizani anatsika okha ndi mikono, pang'onopang'ono, mpaka pansi.

Pansipo sanafunike kuwerama. Anakhala mowongoka, kachipinda kali pachifuwa pawo penipeni, n'kuyamba kugwetsa dothi ndi mikono ija yozolowera malata. Kenaka analowamo thupi lonse, kumene wamiyendo sakanakwanako, nasalaza m'makona ndi chikhatho. Atatha anaitanitsa bango loyezera maliro, naliika m'katimo. Linakwana, n'kutsalako malo a zala zinayi.

A Yona ndi amene anatambasula dzanja kuwakoka. Chakudya cha adzukulu chitafika, a Yona omwewo anawasambitsa m'manja, nawakhazika pakati pa bwalo la anzawo.

Zotsalazo ndinaziona ndi maso anga. Titafika ndi maliro, ndinapeza a Malizani atakhala pamulu wa dothi pamodzi ndi adzukulu, ofiira kuyambira kumutu. Bokosi la amuna anga linalowa m'kachipinda kaja osakhula paliponse. Ndinali kulira, komabe ndinamva a Nachisale kumbuyo kwanga akuuza mayi wina wachilendo, osanong'ona n'komwe, kuti, "Mukumuona wofiirayo? Ndi wanga ameneyo."

Papita zaka zinayi. Masiku ano uthenga wa maliro ukamveka, hamala siimveka m'mawa umenewo. Mbaula zimakhala m'nyumba, njinga ili panjira ya kumanda. Dzenje amakumba ena, koma kachipinda amadikira mwini wake. A Nachisale akali moyo, ndipo tsiku lawo likadzafika palibe amene adzanene kuti akuwachitira chifundo.

Pali mawu amodzi amene ndimawasungabe. Patatha mwezi chiikireni amuna anga, ndinapita ndi ndowa yanga yodontha kuti akandimatire, komanso kuti ndikathokoze. Ndinapeza a Yona atakhala pabenchi, akucheza. Nditagwada kuti ndiyambe kulankhula, a Malizani anandidula.

"Mayi, dzukani, ndinakumbira mnzanga. Koma poti mwabwera, mukhale mboni." Anaika hamala pansi, natembenukira kwa a Yona. "Inu mumayeza maliro ndi bango, n'kukumba molingana ndi bangolo. Langa lidzakhala lalifupi ngati la mwana wa sitandade wani."

A Yona anatsegula pakamwa ngati aseka, koma ataona nkhope yawo anangoyang'ana pansi. Inenso ndinangogwira ndowa yanga.

"Tsiku langalo bango mudzalisiye kunyumba," anatero a Malizani. "Mudzandikumbire manda aatali ngati a Jeremiah."