Lumo la Bambo a Chikwakwa

Amamutcha Chikwakwa chifukwa mutu ukalowa m'manja mwake suchedwa. Makina lii uku, lii uku, munthu usanamalize nkhani ya mpira wapezeka akukukuntha kale tsitsi pakhosi. Kanyumba kake kometera kali pakati pa wogulitsa makala ndi wokonza mafoni. Muli mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi yodzaza anthu amene sanabwere kudzameta. Iye sadandaula. Amati ntchito yake ndi yokhayo imene ngakhale bwana ukamuuza kuti werama, amawerama.

Ndevu zimene zinamukanika ndi za bambo ake omubala. Chiwagwereni sitiroko, mkono wamanja unafooka, mawu anachepa, ndipo phokoso la makina ankadana nalo koopsa. Chikwakwa akangoyatsa, mkuluyo ankatembenukira kukhoma. Lezala logula m'sitolo ankalikankha ndi dzanja lamanzere. Ndevu zinakula mpaka kuphimba pakamwa, chakudya n'kumatsalira momwemo, ndipo munthu amene anayendetsa malole moyo wake wonse kolala ili yosita anayamba kukana alendo. Zimenezi zinkamudya mumtima Chikwakwa. Wometa tauni yonse, koma bambo ake akubisala chifukwa cha ndevu.

Tsiku lina anapita kwa mlongo wake, telala, kukasoketsa nsalu yofunditsa makasitomala. Anamupeza akuphwasula msoko wa buluku ndi kampeni kopinda, kadzimbiri, chogwirira chake chokulungidwa ndi selotepi.

"Achemwali, chimenecho mwachitenga kuti?"

"Kampeni aka? Kanali m'sutikesi ya bambo. N'kobuntha, ngakhale tomato kamangomuphwanya."

Chikwakwa anakatembenuza pa kuwala kwa pawindo. Kunsonga kunali kozungulira, osati kosongoka. Msana unali wonenepa, koma m'mbali munali mokumbika, chitsulo chikunka chipyapyala mpaka kodulira. Kuseri kwa chogwirira kunatulukira kamchira kokhota, pokoleka chala. Atapaka malovu pafupi ndi kamchirako, panaoneka zilembo zofufutika ndi chithunzi cha kambalame.

"Mpeni wa tomato? Ili ndi lumo, achemwali! Lometera ndevu, lamakedzana. Mwakhala mukuphwasula mabuluku a anthu ndi chuma."

"Chuma chadzimbiri? Tengani, achimwene, koma mundibweretsere sizasi."

Naye Chikwakwa anali asanagwirepo lumo lotere. Anaphunzira kumeta makina atabwera kale. Koma anali ndi chikhulupiriro chakuti mwini lumo akaliona likuwala, mwina akweza chibwano.

Anayamba n'kuliviika m'mafuta a makina ake. Makasitomala akachepa, ankalikwecha ndi sandipepala wosalala, wonyowa, mpaka zala kuda bii. Dzimbiri linachoka, kupatula timaenje takumsana timene tinakana, ndipo anatisiya. Atachotsa selotepi anapeza kuti chogwirira n'cha nyanga, chong'aluka pang'ono. Anachimata ndi guluu, n'kukhoma kamsomali kake ndi kanyundo ka wokonza mafoni. Mwala wonolera anakabwereka kwa kalipentala.

"Ametenso ndani ndi chikwanje chimenecho?" ankamuseka a pabenchi. "Makutu athu tikuwafuna!"

Ankaliyesa pamkono pake, moti mkono wamanzere unangokhala zigamba zokhazokha. Linkadula, koma mokoka. Kalipentala ndiye anamuuza kuti mwala wokha sukwanira, lumo limamalizidwa pachikopa. Mmene amachitira, kalipentalayo sankadziwa.

Lamlungu masana Chikwakwa anapita kwa makolo ake. Amayi ake anali panja, akuyanika zovala. Chikwakwa anavula lamba wake n'kumukoleka pachogwirira cha chitseko cha kuchipinda kwa bambo, pakuti ndicho chokha cholimba m'nyumbamo. Anakoka lambayo, n'kuyendetsa lumo monga ankachitira pamwala, kodulira kuli patsogolo. Lumo linalowa m'chikopa. Anayesanso, kachikopa n'kugwa pansi.

"Iwe!"

Chikwakwa anacheuka. Bambo ake anali atasiya khoma, maso ali palumo.

"Msana," anatero mkuluyo, lilime likulemera. "Msana patsogolo."

Anakweza dzanja lamanzere n'kuliyendetsa m'malere, chikhatho chikukwawa chakumbuyo, kenako n'kuchigubuduza pamsana kuti chibwerere. Chikwakwa anatsanzira. Lumo linasiya kuluma, n'kuyamba kutsetsereka ndi kaphokoso kofewa, shwe, shwe.

"Usatsindike. Ukuwononga lamba, ndi lumo lomwe."

"Pepani bambo. Chonchi?"

"Choncho."

Amayi anaima pakhomo, malaya onyowa ali m'manja, akudontha. Miyezi yonseyi amuna awo anali asanalankhule mawu ochuluka chotere. Anangopita kukatenthetsa madzi.

Chikwakwa anafupikitsa ndevu ndi sizasi, n'kufunditsa nkhope thaulo lofunda. Anapaka sopo mpaka thovu kufika m'makutu. Atatsegula lumo anaima kaye, kudikira kuti dzanja lamanzere lija lilikankhe. Silinabwere. Mkuluyo anatsinzina n'kukweza chibwano.

M'chipindamo munkangomveka kukwecha kwa lumo ndi mpweya wa anthu awiri. Nkhope imene aliyense anaisowa inayamba kutuluka m'thovumo, yowonda, yokhota pang'ono mbali imodzi, komabe ya bambo ake.

Atamaliza, mkuluyo sanafune galasi. Anayendetsa zala kuyambira kukhutu mpaka pakhosi, pang'onopang'ono, n'kuima pansi pa mphuno.

"Apa wasiya."

Chikwakwa anaseka, n'kutenganso sopo.

"Ndevu zimamera tsiku lililonse," anatero bambo ake, thovu lili pamlomo. "Uzibwera m'mawa, usanatsegule."