Foni ya Mwelwa m'Chiuno Mwanga

Dzina ili muligwire bwino: Mwelwa Kabwe, woluka tsitsi pa msika wa Kabwata, mdzukulu wanga, mwana wa malemu Abednego wanga. Loweruka lapitali wandivinitsa mpaka mawondo akundiwawabe. A kutchalitchi ndawauza onse, kondakitala wa minibasi ndamuuza, tsopano ndikuuza inu.

Mwanayu anabadwa ndi zala. Ali kamwana ankaluka ndevu za chimanga kuseri kwa nyumba yanga ku Chilenje, ine n'kumakalipa kuti akundiwonongera mbewu. Atamaliza sukulu ntchito ya mu ofesi sinapezeke, ndiye analowa mu saluni ya Ba Lena. Mizere ya Mwelwa, abale! Amayi a ku Woodlands ankaimika magalimoto pafumbi, n'kukhala pa benchi kudikira iye yekha.

Anayamba kujambula mitu imene waluka n'kumaika pa intaneti, makasitomala n'kuchuluka. Kenako anayamba kuikapo nkhope yake. Foni ija inkamuyeretsa khungu n'kumuchepetsa mphuno, mphuno yabwinobwino ya agogo ake aamuna a ku Luapula. Anthu ankamutama, iye n'kumawerenga, kudya akuwerenga, kuyenda akuwerenga. Tsiku lina munthu wopanda ntchito anamujambula ku City Market ali thukuta kamukamu, n'kuika chithunzicho pambali pa chokongoletsedwa chija. Anthu amene sanamuonepo n'kamodzi komwe anamuseka, ena kumutukwana. Ndikanawapeza ine! Koma mungamenye bwanji munthu wokhala m'foni?

Mwelwa sanaleke kuwerenga. Ankabwererako ngati munthu wokanda chilonda. Tulo tinatha, zala zinayamba kuima pakati pa mzere. Mpaka tsiku limene Stephanie, mtsikana wa ku Kabulonga, anabwera kudzalukitsa. Mwelwa anamuluka theka la mutu, nati akupita kuchimbudzi, n'kukakhala komweko akulira ndi foni m'manja. Stephanie anachoka atamanga duku. Ba Lena anauza Mwelwa kuti akapume kunyumba.

Kupuma kwake kunali kudzitsekera m'chipinda, osasamba, chakudya n'kumazizira pakhomo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ambuya, ine nilibe nchito pa dziko." Mtima unandidumpha. Aneba ankati ndi mizimu. Kupemphera ndinapemphera, koma ndinamugwiranso dzanja mpaka ku kiliniki. Mayi wopereka uphungu kumeneko anatiuza kuti awa ndi matenda a maganizo, amachiritsika, ndipo si ulesi kapena mwano. Ine anandichenjeza kuti foni ndisamulande. Aziipereka yekha, pang'onopang'ono. Tinayenda ulendo wa ku kilinikiwo dzinja lonse, ndipo mwana anayambanso kudya ndi kuseka nthabwala zanga zakale.

Ndiye sabata yatha Ba Lena anafika kwathu. Anati Stephanie yemwe uja akukwatiwa, khitchini pate yake, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, ili pafupi, ndipo malukidwe amene akufuna palibe wina amawatha. Amayi ake akukana, koma mtsikanayo waumirira Mwelwa.

"Koma nikuuzeni, Ambuya," anatero Ba Lena, "akamusiya futi pakati, mu saluni yanga sazaponda."

Loweruka ndinamanga chitenge changa chatsopano n'kupita naye. Pakhomo pa saluni Mwelwa anatulutsa foni yekha, nandipatsa.

"Sungani, Ambuya. Olo nilile, osanipasa."

Ndinaikulunga m'mphepete mwa chitenge, n'kumanga mfundo m'chiuno. Stephanie anakhala pa mpando, Mwelwa anatenga chipeso, ntchito inayamba. Chimene sitinadziwe n'chakuti Becky, mnzake wa mu saluni, anali atalengeza kale pa intaneti kuti Mwelwa wabwerera. Foni inayamba kunjenjemera m'chiuno mwanga. Ikati zii pang'ono, yayambanso. Ine n'kumadzidzimuka pa benchi ngati ndakhalira linthumbu.

"Ambuya, mwayamba kale kuvina?" anafunsa Becky. "Pate ikalibe kuyamba!"

"Iwe, chiuno ichi chinavina amako asanamere mano," ndinamuyankha. Saluni yonse inafa ndi kuseka, Mwelwa nayenso, zala zikuthamanga.

Mutu utafika theka, pomwe paja, Stephanie amene ankaona foni yake anangoti, "Iye! Mwelwa, bakukamba iwe apa."

Anazindikira mochedwa, nagwira pakamwa. Zala za Mwelwa zinaima. Ba Lena anazimitsa makina oumitsira tsitsi. Mwanayo anayang'ana m'chiuno mwanga, pamene mfundo inkagwedezeka. Ine ndinaika manja onse pa mfundoyo. Mumtima ndinkati, Mulungu, gwirani mwanayu.

"Bakamba chani?" anafunsa Mwelwa motsitsa mawu.

Anapuma mpweya wautali, kulowetsa ndi kutulutsa, mmene anamuphunzitsira. Misozi inatsika, anaipukuta ndi phewa chifukwa zala zinali zitagwira tsitsi la mwini.

"Ayi, osaniuza," anatero. "Ba Stephanie, welamikani mutu. Tikalibe kusiliza."

Mayo ine! Ndinafuna kulumpha. Stephanie anaika foni yake m'chikwama, naweramitsa mutu. Ndipo Mwelwa analuka. Mzere kutsata mzere, kuzungulira ngati chigoba cha nkhono mpaka pamwamba. Foni inkalirabe m'chiuno mwanga, iye osacheuka. Becky anayambitsa nyimbo ya pa khitchini pate, tonse tinavomera, ngakhale mayi wogulitsa mazira panja anasuzumira pawindo.

Dzuwa litapendeka, amayi a Stephanie anafika, nkhope ili gwa, makiyi a galimoto m'manja. Sanapereke moni kwa aliyense. Anazungulira mwana wawo, natsata mzere umodzi ndi chala kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo.

"Ndani waluka?"

"Ndine, mami," anatero Mwelwa, atapinda mawondo.

"Hm. Ba Lena, pa ukwati atsikana onse operekeza mkwatibwi alukidwe ni uyu. Na ine wamene."

Nthungululu imene ndinaimba inamveka mpaka kwa ogulitsa makala! Ndinavina pakati pa saluni, foni ikugunda m'chiuno, Becky akuimba ng'oma pa chidebe. Ba Lena anakoka mpando wakale wa Mwelwa, umene ankaunjikapo matawulo, naupukuta ndi dzanja lawo.

"Pa Mande ubwele m'mamawa, iwe. Osachedwa."

Sindikunamizani kuti wachiriratu. Ku kiliniki akupitabe, ndipo masiku ena amadzuka mtima uli wolemera. Koma Lolemba ananyamuka yekha, atasamba, atadzola, chipeso m'chikwama. Amene mukufuna kulukitsa, pitani pa Kabwata mukafunse Mwelwa wa kwa Ba Lena. Mulawirire, benchi yayamba kale kudzaza, ndipo musayembekeze kuti mudzadumpha mzere chifukwa choti mumandidziwa ine.