Chigamba cha Kumsana

Ndikakumbukira agogo aNabanda, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la nsalu yonyowa losakanikirana ndi utsi wa makoko a mtedza, ndipo m'makutu mumalira alamu ya moto ya nyumba yosanja imene tinkakhala ku Al Mansoura, ikukuwa ngati mbuzi yogwidwa mwendo, anthu a mitundu yonse akutsika masitepe atanyamula ana ndi mapasipoti, pamene eni ake utsiwo ali phee pakhonde lathu la m'mwamba, akupemerera makala ndi chivindikiro cha poto.

Nthawi imeneyo ndinali mwana wa pulayimale. Amayi anga ankagwira ntchito ya unamwino pachipatala china kuno ku Doha, ndipo anaitanitsa agogo kuchokera ku Ntchisi kuti adzakhale nafe miyezi ingapo, azindiyang'anira iwo akakhala kuntchito. Agogo sankadziwa Chingerezi kapena Chiarabu, ndipo sankaona chifukwa chophunzirira. Aliyense ankamulankhula Chichewa, kaya ndi wogulitsa buledi, kaya woyendetsa takisi, ndipo akapanda kumva ankangomubwerezera mokweza mawu.

Nkhani ya utsiyo inayambira kusukulu. Tinkaphunzira ana a mayiko ambiri, ndipo aphunzitsi analengeza tsiku la mbiri yakale: mtsikana aliyense adzavale monga ankavalira akazi akwawo kalekale, adzayende pabwalo akuonetsa ntchito imodzi imene akaziwo ankagwira. Anzanga anayamba kudzitama ndi nsalu za ulusi wagolide ndi zibangili zolira. Inenso ndinali nditasankha kale chitenje cha amayi cha maluwa ofiira, ndi duku lake lalikulu loti ndikalimanga lizikhudza chitseko.

Agogo anachigwira chitenjecho ndi zala ziwiri, n'kuchibweza pabedi.

"Ichi n'chadzana, Tiya. Ine chitenje chotere ndinachiona ndili namwali kale. Akuti akazi akale, kapena akazi a dzulo?"

"Agogo, aphunzitsi sangadziwe. Nobody will know."

"Ine ndidziwa," anatero agogo. "Uvala ngati amayi anga."

Amayi awowo ine ndinali ndisanamvepo za iwo. Chithunzi chawo panalibe, ngakhale chimodzi. Ndinangoona kuti agogo atatchula mawuwo, amayi anga, amene sankagonja msanga, anapinda chitenje chija mwakachetechete n'kuchibwezera m'sutikesi.

Tinayamba ndi nsalu. Agogo ankafuna biliwita, nsalu yakuda ya thonje, yokhakhala, imene akazi ankamanga pachifuwa kudutsa m'khwapa. Tinayenda m'timasitolo ta ku Al Doha Al Jadeeda dzuwa likuswa mtengo, ine ndikumasulira uku ndikuchita manyazi. Nsalu yakuda mumzinda uno siisowa, poti ndi imene akazi a kuno amavala, koma yonse imene ogulitsa ankatitambasulira inali yoterera ngati mlamba. Agogo anali ndi muyeso wawo. Ankasolola ulusi umodzi m'mphepete, n'kutulutsa machesi pa mfundo ya mpango wawo, n'kuuyatsa pamaso pa mwini sitolo. Ulusi ukafwanyalala n'kuuma kampira, ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Pulasitiki." M'sitolo ina anatitulutsa. Mu ina, bambo wina wa ku India anaseka mpaka misozi, kenaka analowa kuseri n'kutulutsa mpukutu wafumbi umene palibe ankaufuna. Ulusi wake unapsa n'kusanduka phulusa. Agogo anaununkhiza, n'kumuuza bamboyo m'Chichewa kuti makolo ake anamulera bwino, ndipo iye anavomera ndi mutu ngati wamva.

Ine ndinaganiza kuti zatha, osadziwa kuti ndi pamene zayamba. "Nsalu yatsopano njabodza," ankatero agogo. Anaichapa mobwerezabwereza, akuimenyetsa pansi m'bafa mpaka a pansi pathu anabwera kudzagogoda. Anaiyanika padenga, ndipo dzuwa la ku Doha, limene ankalinena tsiku lililonse, linapeza ntchito yoifwifwitsa. Makina osokera anawakana. M'mphepete anapinda ndi manja, ndi ulusi wosololedwa pa nsalu yomweyo. Mikanda yonyezimira anaikankhira pambali, anatunga chingwe chimodzi chokha cha timikanda toyera ndi tofiira, cha m'khosi. Nkhata anailuka ndi masamba ouma a kanjedza amene anatola m'mbali mwa msewu, anthu akuwayang'ana. Mtsuko tinaupeza kwa ogulitsa miphika ya maluwa, ndipo anaugogoda ndi chala kuti amve ngati unalibe mng'alu. Anafunanso kundimeta mpala, koma apo ndiye amayi anaima nji.

"Amayi, tsitsi lokha ayi. Khalas, nkhani yatha. Kuno school imayamba Sunday, mwanayu sangapite ndi mpala."

Agogo anadya chakudya cha tsiku limenelo atayang'ana kukhoma, koma anagonja, tinagwirizana zoluka tsitsi mogonetsa.

Tsiku lina masana, ndikuchokera kusukulu, ndinawapeza atayala nsalu ija pansi, atapana khala lamoto ndi masupuni awiri. Ndikuona ndi maso angawa, analiika pa nsaluyo mpaka linaboola. Ine ndinalira. Nsaluyo inali yonyansa kale m'maso mwanga, ndiye aziiotchanso? Ndinanena kuti sindidzavala, anzanga adzandiseka, ndipo bola ndijombe.

Agogo sanandikalipire. Anadula kansalu ka buluu kotuwa pa pitikoti yawo yakale, anakaika pabowopo, n'kuyamba kusoka pang'onopang'ono, singano atayiyandikitsa kumaso.

"Apa panagwera khala, amayi anga akukazinga chimanga," anatero osandiyang'ana. "Chigamba chake chinali chotere, cha kumsana, chakumanzere. Nkhope yawo ndinaiwala, Tiya. Ndayesayesa, siibwera. Koma msana ndimaudziwa, chifukwa ndinkayenda pambuyo pawo nditagwira nsonga ya nsalu. Tsiku lina m'mawa anasenza mtsuko, ali ndi pakati potopa, n'kundiuza kuti, 'Tsala, ndibwera.' Anakagwa kuchitsime. Masiku amenewo ana sitinkaloledwa kuona maliro. Ine ndinangokhala pakhomo."

Analuma ulusi ndi mano, n'kusalaza chigambacho ndi chikhatho.

"Ndikufuna ndiuonenso msana umenewo ndisanabwerere kumudzi. Basi."

Ndinasiya kulira, koma manyazi sanandichoke. Ndinangodziwa kuti nsaluyo ndivala.

Chinatsala ndi fungo. Agogo ankati amayi awo ankanunkhira utsi wa m'khitchini ndi mafuta a nsatsi. Mafutawo tinagula kogulitsira mankhwala, ngakhale anawanyoza kuti ndi otuwa, opanda moyo. Utsi ndiye unavuta, poti nyumba yathu inali ya magetsi okhaokha. Choncho anabwereka kambaula kofukizira lubani kwa mayi wina wa ku Sudan woyandikana nafe, anaikapo makala ndi makoko a mtedza, anakoloweka nsalu pamipando iwiri pakhonde, n'kusiya chitseko chotsegula kuti azimva wailesi. Alamu ija inalira chifukwa cha zimenezo.

Amene anakwera ndi chozimira moto anali a Lameki, mlonda wa nyumbayo, Mmalawi mnzathu wa ku Balaka. Analowa ali wefuwefu, n'kuima pakhomo la khonde.

"Agogo, building yonse yatuluka panja chifukwa cha inu. Kuno moto mafi, saloleza, si kumudzi kuno. Abwana andipanga report."

"Mwana wanga, ndatsala mbali imodzi," anayankha agogo, akupemererabe.

A Lameki anaika chozimira moto pansi. Anakoka mpweya wa utsi uja. Kenaka ananyamula okha kambaula kaja, natsikira nako kuseri kwa nyumba koimika magalimoto, ndipo agogo anakamalizira mbali inayo kumeneko, iwo ataimirira pambali ngati akulondera katundu wa boma. Amayi anapepesa kwa eni nyumba mpaka pakamwa kuuma.

Tsikulo litafika, agogo anandidzoza nsatsi m'mapewa ndi m'miyendo, anandimanga nsalu pachifuwa n'kuikoka mpaka ndinabanika, anandiveka mkanda, anandiika nkhata ndi mtsuko pamutu. Nsapato anati ndizinyamule m'chikwama. Kumaso sanandiyang'ane n'komwe.

"Tembenuka," anatero. "Yenda. Osathamanga, sankathamanga."

Ndinayenda m'kanjira kopita ku lifiti, matailosi akuzizira kumapazi. Ndili pakati ndinamva nsalu ikukokedwa pang'ono kumbuyo. Anali agogo, atagwira nsonga yake ndi zala, akunditsatira mwa timasitepe ting'onoting'ono. Titafika pa lifiti ndinanena mawu amene ndinkanena m'mawa uliwonse, osaganiza n'komwe.

"Tsalani, ndibwera."

Nditawamva mawuwo m'kamwa mwanga, ndinazindikira kuti ndi omwe aja a amayi awo. Agogo anasiya nsonga ija, chitseko cha lifiti n'kutsekeka.

Kusukulu zinayenda monga ndinkaopera. Pakati pa golide ndi silika panali ine, wakuda bii, wopanda nsapato, mphika wa maluwa uli pamutu. Mtsikana wina anagwira mphuno n'kufunsa amene wabwera ndi nyama yootcha. Aphunzitsi anandifunsa mokoma mtima ngati nsalu yanga inapsa mwangozi. Mphoto sindinalandire. Zitatha, aliyense anathamangira kukavala yunifolomu, ndipo ine ndinaima m'chipinda chosinthira, yanga ili m'manja, ndikulakalaka kuvula fungo lonselo. Koma maso anga ankangoona mwana atakhala pakhomo. Ndinaibwezera yunifolomuyo m'chikwama, n'kukwera basi momwemo, mtsuko uli pamiyendo.

Pakhomo la nyumba ndinavula nsapato. A Lameki anandiona n'kuimirira.

"Agogo ako sanalowe m'nyumba since morning. Lunch akana."

Ndinawapempha madzi. Anathira a m'makina ozizira a alonda mumtsuko muja, n'kundisenzetsa. Ena anandikhutukira kumsana lifiti itanyamuka, ananyowetsa chigamba chija.

Agogo anali atakhala pansi pakhomo la fulati yathu, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Ndinayenda pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira, ndinagwada, n'kutula mtsuko patsogolo pawo.

"Ndabwera," ndinatero.

Apo m'pamene anandiyang'ana kumaso, nthawi yaitali.

"Mwachedwa, amayi," anatero.

Anaweramitsa mtsukowo ndi manja awiri, n'kumwa. Madziwo ayenera kuti ankamveka dothi la mphika wa maluwa, koma anamwa mpaka ena anayenderera pachibwano. Atatha anapukuta pakamwa, anadzuka akugwira khoma, n'kundiuza kuti ndikasambe chifukwa ndikununkha utsi.

Anabwerera ku Ntchisi nyengo yotentha isanafike pachimake, ndipo anamwalira ine ndili ku sekondale. Ine ndidakali ku Doha, ndikugwira ntchito. Amalawi a kuno tikamasonkhana pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu timachita kasewero ka moyo wakale, ndipo woveka akazi ake ndine. M'chikwama changa simusowa machesi, ndipo ogulitsa nsalu ena akandiona amabisa mipukutu yawo. Ndimathokoza kuti agogo sanandimvere chisoni tsiku limene ndinalira lija. Akanandilola kuvala chitenje cha maluwa, bwenzi nditasangalala tsiku limodzi n'kuiwala.

Biliwita ija ndidakali nayo, ngakhale utsi unatha kalekale. Chaka chilichonse mtsikana mmodzi amaivala, ndipo pafupifupi aliyense amandifunsa chifukwa chake chigamba chili kumsana, kumene wovalayo sachiona. Ndimamumanga nsaluyo, n'kuikoka mpaka abanike, kenaka ndimamuuza kuti chigambacho si chake, n'cha mwana amene akubwera pambuyo.