Chaka Chimene a Mose Anathena Girinipepa

A Mose a ku Kabudula analima fodya zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ngakhale lero mukamapatsana nawo moni mudzaona kuti zala ziwiri za dzanja lawo lamanja, chachikulu ndi chinzake choyandikana nacho, n'zakuda kunsonga ngati anaziviika m'phula. Sopo anayesa, analephera. Ndi bambo wamfupi, wouma thupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mbuzi m'munda mwa eni. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, ndipo pemphero lawo timalidziwa tonse: likayamba, mayi woyamwitsa amasintha mwana bere kawiri asanamve ameni.

Kwawo kwenikweni ndi ku Nambuma. Kuno anabwera chikamwini atakwatira mayi Tisiyenji, ndipo zaka zoyambazo palibe ankavutika n'kusunga dzina lawo, ankangoti mkamwini wa kwa Tisiyenji. Dzina anachita kulilima. Nazale yawo ya fodya anthu ankapatuka panjira kudzaiona. Mizere yawo inkawongoka ngati ayeza ndi ulusi wa telala. Koma za ndiwo sankazikhudza n'komwe. Ankati, "Zamasamba n'za amake Eliza. Ine ndimalima mbewu ya laisensi."

Fodya anamusiya msana utakana, anyamata awo awiri atapita kukafuna ntchito ku tauni. Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wosowa poika manja. Ankazungulira pakhomo, kuwongola mpanda wowongoka kale, kuuza nkhuku pogona.

Ndiye mwezi wa Juni kunabwera alendo. Eliza, mwana wawo womaliza, anali atapeza mwamuna, Daniel, kalipentala wa ku Lilongwe, ndipo akuchimuna anabwera kudzapangana za ukwati, woti udzachitike kumapeto kwa Okutobala. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Amake Daniel, mayi Judith, anatulutsa pepala la zophikaphika nayamba kuwerenga.

"Mpunga ulipo, nkhuku mwati zilipo, anyezi ndi tomato ndaona m'dimbamo. Koma girinipepa tidzabwera naye ife kuchokera ku tauni, asewele, poti kuno sapezeka eti?"

Sanalankhule monyoza ayi. Koma a Mose khutu linatentha. Anakhosomola, nakhala tsonga pampando.

"Asewele, chinthu chomera m'dothi chichoke pa tala kubwera kwa ine? Musadzanyamule ngakhale mmodzi. Mudzamupeza pano, dengu lodzadza, wolima ndi manja angawa."

Ankhoswe anaomba m'manja. Mayi Judith anafufuta mzerewo papepala, anthu onse akuona.

Alendo atangokhota pa chitsime, a Mose anatsatira akazi awo kukhitchini.

"Amake Eliza, kodi girinipepayo n'chiyani kwenikweni?"

Mayi Tisiyenji anaika pansi mbale zimene ananyamula. "Bambo a Eliza, mwalumbira pamaso pa ankhoswe chinthu chosachidziwa?"

"Ndafunsa funso."

"Ndi tsabola. Wamkulu ngati chibakera chanucho, wosawawa. Amaika m'ndiwo kuti zinunkhire."

"Tsabola wosawawa," anatero a Mose akugwedeza mutu. "Anthu a m'tauni ali ndi nthawi."

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka pa Nsaru, nabwerako ndi kapaketi ka mbewu kojambulidwa chipatso chobiriwira chonyezimira. Anakapachika pakhoma pafupi ndi kalendala ya mpingo kuti azikaona. Ndipo anagwira ntchito imene amaidziwa. Anakonza bedi, naunjikapo mapesi a chimanga n'kuwatentha monga ankachitira ndi nazale ya fodya. Anafesa, naphimba ndi udzu, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Kuzizira kwa Julaye kunachedwetsa mbande, koma zinamera. Mu Ogasiti anaziwokera kuseri kwa nyumba, pamizere isanu yotalikirana bwino, manyowa a mbuzi phando lililonse. Anamanga mpanda wa udzu wokhala ndi chitseko. Msana womwe unakana fodya uja sunamvekenso.

Mbewu inakondwa. Masamba anabiriwira mpaka kuda. Kenaka tsiku lina m'mphanda za nthambi munatuluka timaluwa toyera.

Mayi Tisiyenji pobwera ku chitsime anapeza amuna awo atawerama pamzere, zala zakuda zija zikuyenda mwa changu, tswa, tswa, tswa.

"Bambo a Eliza, mukutani?"

"Ndikuthena."

"Mukuthena chiyani?"

"Maluwa ndi mphukira. Mbewu ikathamangira maluwa ikadali mwana imatha mphamvu. Fodya ukamulekerera duwa, tsamba limapepuka ngati pepala la sukulu."

"Nanga ku ukwati tikaphika tsamba? Chipatso chimachokera ku duwa. Tomato wanga simumuona?"

"Tomato ndi tomato. Awa ndi maluwa a chibwana. Ayambe wakhwima, maluwa enieni akubwera."

Mayi Tisiyenji anasenzanso ndowa yawo. Zaka zoposa makumi atatu za ukwati zinawaphunzitsa kuti a Mose akati mbewu, ngakhale abusa amangoyankha kuti zikomo.

Vuto linali lakuti maluwa enieniwo analibe chizindikiro. Lililonse lotuluka, a Mose ankaliyang'ana n'kuona kuti likadali la chibwana. M'mawa uliwonse ankalowa m'mpandamo, mzere ndi mzere, ndipo pofika nthawi ya tiyi munalibe koyera kalikonse. Maluwawo ankaika m'thumba la buluku, monga mwa chizolowezi chawo chosataya zinyalala m'munda, moti mayi Tisiyenji pochapa ankakhuthula matumba odzadza timaluwa tofota.

Mitengo inakula kufika m'chiuno. Amuna anzawo a fodya ankasuzumira pampanda n'kuimba mluzu. "A Mose, tsamba ili likanapita ku okushoni likanatsogola ndithu!" Palibe mwa iwo anafunsa za chipatso. Onse ankaona tsamba.

Eliza anaimba foni pakati pa Seputembala. "Ababa, apongozi akufunsa ngati girinipepa uja akuyenda bwino."

"Uwauze anole mipeni," anayankha a Mose.

Sabata lomwelo kunabwera uthenga wa maliro a malume awo ku Nambuma. Poti iwo ndiwo anatsala wamkulu kubanjako, atayika maliro anakhalira kukambirana za minda ndi za ana amasiye, ndipo nkhani za kwawoko sizitha tsiku limodzi. Anatha masiku khumi ndi awiri. Pochoka anali atalangiza akazi awo katatu: kuthirira kawiri patsiku, ndi kuthena m'mawa uliwonse. Mayi Tisiyenji anathirira.

Tsiku lobwera, a Mose sanalowe n'komwe m'nyumba. Anatsamiritsa njinga pampanda natsegula chitseko. Munda wonse unali mbuu, maluwa paliponse, njuchi zili piringupiringu.

"Amake Eliza! Mwandiphera mbewu! Masiku ochepa omwewa?"

Mayi Tisiyenji anabwera akupukuta manja pachitenje. Anangotukula nthambi imodzi. Pansi pake, pamene panali duwa lofota, panalendewera kanthu kobiriwira, kakang'ono ngati nsawawa, koma kali ndi mapewa ake enieni ngati chithunzi cha papaketi chija. Anatukula nthambi ina. Tiwiri. Ina. Titatu.

A Mose anagwada. Anakayang'ana kanthuko nthawi yaitali, kenaka anayang'ana zala zawo.

"Ukwati watsala masiku angati?" anafunsa ndi mawu a munthu wodwala.

"Masabata atatu ndi masiku awiri."

"Ndiye kuti mwezi wonse uja..."

"Munkathyola ndiwo za ukwati wa mwana wanu n'kumaika m'thumba."

A Mose anaimirira, nalengeza ngati ali kutsogolo kwa mpingo kuti kuyambira tsiku limenelo kuthena kwatha. Ananena kuti munthu amaphunzira mpaka imvi. Ananena zambiri. Ali pakati polankhula, mayi Tisiyenji anawagwira pamkono. "Tambasulani dzanja." M'dzanjamo munali maluwa anayi. Mwini wake sanamve n'komwe kuti zala zagwira ntchito.

Mutu unali utasiya, koma zala zinali zisanamve uthengawo. Akangoyandikira mtengo, dzanja linkapita lokha ngati nkhuku yaona chimanga. Anayesa kuika manja m'matumba, dzanja linkatuluka. Anayesa kuwagwira kumbuyo ngati ahedi akuyendera mayeso, koma akangowerama kuti aone chipatso, tswa. Mapeto ake mayi Tisiyenji anaika lamulo: a Mose alowe m'mpandamo atanyamula makeni awiri a madzi, lina uku lina uku, ndipo asawatule pansi mpaka atatuluka. Madzi akatha, azituluka nawo opanda kanthu, kukatunga ena. Kupalira ndi kuika manyowa anatenga mayiwo.

Ndiye anthu odutsa ankaona mkulu wa mpingo ataima pakati pa mizere, makeni ali lende m'manja monse, akulankhula ndi tsabola. "Kulani, bambo. Fulumirani pang'ono. Madzi ndi awa, dzuwa ndi ilo, mukufunanso chiyani?" Ankayeza zipatsozo ndi maso m'mawa, n'kudzayezanso masana ngati zasintha.

Girinipepa sathamangitsidwa. Lachisanu, ukwati uli mawa, mayi Tisiyenji anathyola zonse zimene zikanathyoledwa. Chachikulu kwambiri chinali ngati dzira la nkhuku. Zambiri zinali ngati mazira a nkhunda. Dengu limene a Mose analonjeza analibweza m'nyumba, poti zonse zinakwana m'lichero, osadzadzanso.

A Mose anaganiza mofulumira. Chinthu chikaduliwa, ndani angadziwe kukula kwake? Loweruka kutangocha anatenga lichero ndi mpeni nakabisala kuseri kwa chigafa chakale cha fodya. Munthu amene sanadulepo anyezi chibadwire anakhala pa njerwa, lichero pamiyendo, lilime kunja, akudula timizere ting'onoting'ono.

Anaiwala kuti nkhuni za ukwati anaziunjika komweko. Amayi a Chigwirizano amene anabwera kudzaphika anatulukira pakona, mayi Florence, mkulu wa zophika, ali patsogolo.

"Iii, akulu a mpingo! Mwalowa liti Chigwirizano? Bwenzi mutanena, tikanakusokerani bulauzi yoyera ndi duku."

"Ndikuthandiza, amayi. Ntchito yachuluka."

"Zikomo kwambiri. Nanga mwaduliranji ting'onoting'ono chonchi, ngati mankhwala a mwana?"

"Ndi mmene amadulira ku tauni," anatero a Mose, napereka lichero osawayang'ana kumaso.

Akuchimuna anafika pa minibasi dzuwa litakwera pang'ono. Mayi Judith atangotsika, chikwama chachikulu chili pamkono, anafunsa, "Asewele, dengu lathu lija lili kuti? Ndilione."

"Ali kale m'manja mwa ophika, asewele. Kuno sitichedwa."

Mayi Judith anapita kumapoto kukapereka moni. Anakhalako kanthawi ndithu.

Ukwati unadalitsidwa bwino kutchalitchi, Eliza akulira pang'ono monga amachitira onse. Masana anthu anakhala m'shedi ya udzu pabwalo, ndipo akuluakulu a mbali zonse anawaika pa tebulo limodzi. Mbale ya a Mose inafika: mpunga, nkhuku, msuzi wonunkhira kufika kumsewu. Mtima unakhala pansi. Anaona timizere tawo tobiriwira tikuyandama, natipatsa moni mumtima.

Atatembenuza ntchafu ya nkhuku ndi supuni, pansi pake panali chidutswa chofiira. Chonenepa, chokhuthala ngati khutu. Pambali pake china chachikasu. M'munda mwa a Mose munalibe chofiira kapena chachikasu chilichonse.

Anakweza maso. Mayi Judith anali kalikiliki kuyang'ana denga la shedi. Kenaka anatembenukira kwa abale awo n'kunena mokweza, "Mwamva kununkhira kwake? Wa m'munda mwa asewele ameneyu. Anatiuza kuti tisanyamule, ndipo taonani."

Anthu anavomera ndi mitu, pakamwa pali podzadza. A Mose akanangomeza n'kukhala chete, nkhani ikanathera pomwepo. Koma nkhoswe ya kuchimuna, bambo wokonda kufunsa, inatukula chidutswa chofiira pa foloko.

"Achimwene, ndinu katswiri ndithu. Ofiirawa ndi achikasuwa munalima mizere yakeyake, kapena amabereka mtengo umodzi?"

Tebulo lonse linayang'ana a Mose. Abusa nawonso anaimitsa supuni. A Mose anatafuna nthawi yaitali kuposa mmene mpunga umafunira. Anamwa madzi. Anapukuta pakamwa.

"Wobiriwirayo, wopyapyalayo, amene mukuchita kumufunafuna, ndiye wanga," anatero. "Ndinamuthena ngati fodya mwezi wathunthu, ndipo dengu silinadzadze. Wofiirayo ndi wachikasuyo akwera minibasi limodzi ndi inu."

Woyamba kuphulika n'kuseka anali abusa, mpaka mpunga unawalowa kolakwika. Amuna a fodya a tebulo lachiwiri atamva kuti anathena, anagwira m'mimba, wina akufuula kuti nayenso akanachita chimodzimodzi. Mayi Judith anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Pepani asewele, ndinangonyamula wapadera, poopa mbuzi. Sindinadziwe kuti mbuzi yake ndi ya jekete."

"Mwandiphimba, asewele, ndathokoza," anatero a Mose, nawonso akuseka tsopano. "Koma ngati watsalako wathunthu, ndipatseni ndimuone ndi maso. Ndikufuna njere zake."

Mayi Judith anapisa m'chikwama natulutsa mmodzi wofiira, wamkulu, wonyezimira. A Mose anatambasula manja onse awiri mwaulemu. Asanamukhudze, mkono wa mayi Tisiyenji unadutsa paphewa pawo n'kumulandira.

"Zikomo asewele," anatero mayiwo. "Uyu ndibzala ndine."

A Mose anatsegula pakamwa, nayang'ana abusa, nayang'ana ankhoswe. Kenaka anatola supuni yawo n'kupitiriza kudya.